Mwatsuka throttle body, injini yayamba kulira pamwamba: mpweyawo ukudzera pati?

Ntchito yake imaoneka yaing'ono. Mwamasula paipi yaikulu ya mpweya, mwapeza pakamwa pa throttle body, chipangizo chimene chimatsegulira ndi kutsekera mpweya wolowa mu injini, pali bii ndi mwaye, mwapopera mankhwala, mwapukuta mpaka chitsulo chayamba kuwala. Mwabwezeretsa zonse, mwaliza injini. Singano ya rpm, yowonetsa kuzungulira kwa injini pa mphindi, imene kale inkakhala cha pa 700, yakwera kufika pa 1500 ndipo sikutsika. Pa galimoto zina singanoyo imangokwera n'kutsika, kukwera n'kutsika, ngati pali munthu amene akupondaponda accelerator. Apa m'pamene zinthu zambiri zabwinobwino zimawonongekera. Wina amayamba kupotokola kasikuluu kopumirapo chitseko cha m'kati mwa throttle body, wina amathamangira kukagula throttle body ina pamene imene ali nayoyo ilibe vuto lililonse.

Musanagwire sipanala, mfundo imodzi ikhazikike m'mutu. Injini ya petulo imathamanga molingana ndi mpweya umene ikulandira. Mafuta amangotsatira pambuyo: kompyuta ya galimoto imayeza mpweya wolowa, n'kuthira petulo wolingana nawo, pafupifupi galamu imodzi ya petulo pa magalamu 14.7 a mpweya. Choncho ngati injini ikuzungulira ka 1500 pa mphindi inu musanaponde kalikonse, ndiye kuti penapake pakulowa mpweya wokwanira kuizunguliritsa ka 1500. Kufufuza konse kwagona pa mafunso awiri. Mpweyawo ukudzera pati? Nanga kompyuta ndiyo ikuulowetsa dala, kapena ukulowa mozemba iyo ikulimbana nawo?

M'kati mwa throttle body muli kachitseko kozungulira, kokhala pa kamtengo kachitsulo kodutsa pakati. Mukaponda accelerator kamatseguka, mukasiya kamatseka. Koma injini ikamalira galimoto itaima imafunabe mpweya pang'ono, ndipo opanga galimoto anapeza njira ziwiri zoupatsira. Pa galimoto zakale, zimene chitseko chake chimakokedwa ndi kebulo, pali kanjira kolambalala chitsekocho, ndipo kanjirako kamatsegulidwa ndi kutsekedwa ndi valavu yotchedwa IAC. Pa galimoto zatsopano kebulo palibe. Accelerator imangotumiza uthenga ku kompyuta, ndipo kamota ka magetsi ndi kamene kamasuntha chitseko. Pa idling, kutanthauza injini ikamalira yokha musanaponde accelerator, kamachisiya chotseguka pang'ono zedi, madigiri ochepa chabe. Njira yachiwiriyi inayamba kuoneka pa BMW zapamwamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndipo lero ndi imene ili pa galimoto zambiri za petulo.

Mwaye umene mwachotsawo sunabwere tsiku limodzi. Nthunzi ya oyilo yochokera m'kati mwa injini imabwezedwa ku mpweya wolowa kudzera m'mapaipi a PCV kuti ikapse, ndipo pa injini zokhala ndi EGR utsi wina umabwezedwanso. Zonsezi zimamata pang'onopang'ono m'mphepete mwa chitseko, pa kampata kakang'ono kamene mpweya wa idling umadutsira. Kampatako kakamachepa, injini imafuna kutsika, ndiye kompyuta imatsegula chitseko kapena IAC mowonjezerako pang'ono, n'kusunga muyeso watsopanowo. Mwezi wotsatira iwonjezeranso. Pakatha zaka zingapo imakhala itazolowera kuti idling yabwino imafuna chitseko chotseguka kwambiri kuposa mmene zinalili galimoto ili yatsopano. Ndiye inu mwabwera ndi kansalu, m'mphindi khumi mwachotsa mwaye wa zaka zisanu. Kompyuta sinaone zimenezo. Ikutsegula monga inkachitira dzulo, koma lero njira ili pululu.

Ichi ndicho chifukwa chofala kwambiri, ndipo sikuwonongeka ayi. Komabe sindikulangizani kuti muyambe ndi kuiphunzitsanso kompyuta, ngakhale kuti anthu ambiri amayambira pomwepo. Kompyuta imaphunzira zimene yapeza. Ikaphunzitsidwa pali paipi yosalumikiza, iphunzira zolakwika kapena ikana kumaliza, ndipo inu mudzabwereza mwambowo kasanu mukudziimba mlandu woti simukuwerenga bwino masekondi.

Choyamba, injini itenthe. Injini yozizira imalira pamwamba mwadala, nthawi zambiri pakati pa 1200 ndi 1500, kuti oyilo ndi catalytic converter, chipangizo choyeretsa utsi wa mu exhaust, zitenthe msanga. Komanso mankhwala otsukira akatsalira m'kati amaichititsa kutsokomola kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Weruzani fani ya radiator ikazungulira kamodzi n'kusiya, AC ndi magetsi zili zozimitsa. Pa nthawi imeneyo galimoto zambiri zimakhala pakati pa 600 ndi 900.

Ikakhalabe pamwamba, bwererani pa chilichonse chimene dzanja lanu linagwira. Vuto limene layamba tsiku la ntchito kawirikawiri limakhala pamalo pamene ntchitoyo inachitikira. Pano pali kanthu kamene ambiri sakasiyanitsa, koma kamapulumutsa nthawi yambiri. Mng'alu umene uli kutsogolo kwa chitseko, pa paipi yaikulu yochokera ku air cleaner, sukweza idling, chifukwa mpweya wolowera pamenepo umadutsabe pa chitseko, ndipo chitsekocho ndicho chimaupima. Mng'alu woterowo umasokoneza muyeso wa sensa ya MAF, imene imayeza mpweya wodutsa mu paipi yaikuluyo, injini n'kumanjenjemera kapena kuzima. Wokweza idling ndi mpweya wolowera kuseri kwa chitseko, kumene injini ikuyamwa mwamphamvu. Ndiye maso anu apite pa gasiketi ya pakati pa throttle body ndi manifold (chipangizo chogawira mpweya ku masilinda), pa timapaipi ting'onoting'ono tolumikizidwa pamenepo, pa paipi ya PCV, ya valavu ya EVAP yobweretsa nthunzi ya petulo kuchokera ku thanki, ndi paipi yonenepa yopita ku booster ya mabuleki.

Gasiketi ndiyo imandikayikitsa kwambiri. Yapepala ikamatulidwa patatha zaka imang'ambika kapena kusiya zidutswa, ya labala imakhala itaphwatalala moti sibwereranso. Ina imatha kulowa mozondoka, mabowo a mabawuti n'kukwana bwinobwino, koma kanjira ka IAC n'kusiyidwa poyera. Ngati munachotsa throttle body yonse n'kubwezeretsa gasiketi yakale, yambirani pamenepo. Mapaipi akale nawo amauma. Amaoneka abwino pamwamba, koma mukawapinda mumapeza ang'ambika pansi pomwe munawakokera.

Khutu limathandiza. Mpweya wolowa mozemba umalira kuti tsiii, ndipo mukagwira kapaipi mbali imodzi kukhutu, mbali ina n'kumayendetsa m'malo olumikizira, mumafika pomwe phokoso lakula. Mapaipi ofewa mungawafinye limodzilimodzi ndi pulayala. Idling ikatsika pamene mwafinya, vuto lili kumapeto kwa paipi imeneyo. Njira yodalirika kuposa zonse ndi makina opopera utsi mu manifold injini ili yozimitsa, chifukwa utsiwo umatulukira pa mng'alu uliwonse, ngakhale wobisika pansi. Amakaniko ambiri amapopera mankhwala otsukira m'malo okayikitsa injini ikulira, n'kumamvera ngati kulira kwasintha. Zimagwira ntchito, sindikana, koma mankhwalawo amayaka msanga, ndipo pafupi pali exhaust yotentha ndi mawaya a mapulagi. Madzi a m'botolo lopopera amachitanso ntchito yomweyo popanda kuika nkhope yanu pa moto.

Tsopano funso lachiwiri lija, loti kompyuta ikudziwa kapena ayi. Yankho lake simungaliwone ndi maso; muyenera kuifunsa kompyutayo. Galimoto zogulitsidwa ku United States kuyambira 1996, ndi za petulo za ku Ulaya kuyambira 2001, zili ndi soketi ya OBD-II ya mapini 16 pansi pa dashibodi, ndipo ngakhale kachipangizo kakang'ono kolumikiza ku foni kamatha kuwerenga zambiri zofunika. Khodi imene imabwera kawirikawiri ndi P0507. Tanthauzo lake n'lakuti idling yakwera kuposa mmene kompyuta ikufunira. Siikunena kuti chipangizo chakutichakuti chafa, ikungobwereza zimene inu mwamva kale ndi makutu. Phindu lili m'manambala oyenda, amene amasintha injini ikulira.

Ngati chipangizo chanu chikutha kuwonetsa rpm imene kompyuta ikufuna, iyerekezeni ndi imene ilipo. Zikafanana, kompyuta ikufuna 1300 ndipo injini ili pa 1300, ndiye kuti ikuchita dala, ndipo pali chimene chikuinamiza. Zikasiyana, ikufuna 700 koma injini ili pa 1400, yang'anani IAC kapena muyeso wa chitseko. Mukapeza kompyuta yatseka mpaka pamapeto koma injini sikutsika, mpweya ukudzera njira imene iyo ilibe nayo mphamvu.

Manambala a fuel trim amanena zambiri kwa wodziwa kuwawerenga. Amasonyeza kuchuluka kwa petulo amene kompyuta ikuwonjezera kapena kuchotsa pomvera sensa ya oxygen. Pa injini yabwino amasewera pafupi ndi 0, osapitirira kwenikweni maperesenti 5 mbali zonse. Pa galimoto ya MAF, mpweya wozemba sunayezedwe, ndiye petulo amachepa, ndipo kompyuta imawonjezera maperesenti 10, 15, mwina 20, nthawi zina n'kulemba khodi ya P0171. Kenaka pondani kufika pa 2500 n'kugwira pomwepo. Nambala ija ikatsika kubwerera kufupi ndi 0, umenewo ndi umboni wamphamvu wa mng'alu, chifukwa chitseko chikatseguka mpweya wa pa mng'alu umakhala kadontho chabe poyerekeza ndi wonse wolowa.

Koma samalani, si galimoto zonse zimene zimaulula motero. Injini zina, monga za Honda zambiri za m'ma 1990, zilibe MAF. Zimayeza mphamvu ya mpweya m'kati mwa manifold ndi sensa ya MAP. Kwa sensa imeneyi zilibe kanthu kuti mpweya wadzera pa chitseko kapena pa mng'alu, wonse imauwerenga, petulo n'kuthiridwa wokwanira. Zotsatira zake n'zakuti fuel trim imaoneka yabwino, injini imalira mosalala, koma pamwamba. Munthu wongoyang'ana fuel trim yokha anganene kuti palibe potayikira pamene mng'alu ulipo.

Kukwera n'kutsika kuja kulinso ndi chifukwa chake. Kompyuta ikaona kuti accelerator sinapondedwe koma injini yadutsa muyeso winawake, imaona ngati galimoto ikutsetsereka ili m'giya, ndiye imadula petulo. Injini imagwa, petulo amabwerera, mpweya wochuluka uja umaikwezanso, n'kudulidwanso, osalekeza. Anthu amakonda kuimba mlandu pampu ya mafuta kapena ma injector, koma ameneyu ndi mpweya wochuluka womwe uja wangovala malaya ena.

Nanga kompyuta ikamakweza dala, chikuinamiza n'chiyani? Kawirikawiri ndi kutentha kwa madzi. Ma throttle body ambiri ali ndi timapaipi tiwiri ta madzi a radiator todutsa pansi pake, toteteza kuti chitseko chisaundane kunja kukazizira kwambiri. Mukamasula timeneti madzi amatayika pang'ono ndipo mpweya umalowa m'njira za madzi. Thovu limenelo likakhala pa sensa ya kutentha, kompyuta imawerenga zolakwika n'kumaiona injini ngati sinatenthe. Pa Honda zakale palinso valavu ya phula yotsegula njira ya mpweya injini ikazizira, imene imatseka pokhapokha madzi otentha akaikhudza. Ikakhala mu thovu sitseka. Pa chipangizo chowerengera, injini yotentha iyenera kuwonetsa madigiri cha pakati pa 80 ndi 100. Mukaona 40 patatha theka la ola, kapena mukaona -40, imene galimoto zambiri zimawonetsa waya wa sensayo akaduka kapena pulagi yake ikasiyidwa yosalumikiza, mwapeza poyambira. Dikirani injini izizire, onjezerani madzi, tulutsani mpweya m'njira zake, muyesenso.

Chimene chatsala ndi chitseko chenichenicho. Pa galimoto ya kebulo, injini ili yozimitsa, gwirani kebuloyo. Iyenera kukhala yolefuka pang'ono, osati yokungika ngati chingwe cha uta. Nthawi zambiri imakhala kuti sinakhale bwino mu kangalande kake pobwezeretsa, kapena kebulo ya cruise control yakola. Tsegulani ndi dzanja n'kusiya, mumve ngati chikubwerera mpaka kugunda popumira. Ulusi wa kansalu kapena nyenyeswa za mwaye zokanirira m'mphepete n'zokwanira kuchisiya chotseguka. Sensa ya TPS, imene imauza kompyuta pamene chitseko chili, imapereka pafupifupi theka la volti chitseko chikatseka ndi mavolti cha m'ma 4.5 chikatseguka chonse. Ngati munaimasula ndipo ili ndi mabowo aatali osunthira, mwina yabwerera malo ena, ndipo kompyuta sikudziwanso kuti phazi lachoka. Valavu ya IAC nayo imatha kukanirira ili yotseguka, makamaka ngati mankhwala anakokolera mwaye m'kati mwake m'malo moutulutsa. Mukatseka ndi chala kabowo kolowera ku IAC injini n'kutsika mpaka kufuna kuzima, mpweya wochulukawo ukudzera mu valavuyo. Ikapitiriza kulira pamwamba, ukudzera kwina. Zoyesa ndi chalazi n'za galimoto za kebulo zokha. Pa chitseko cha mota musalowetse chala makiyi ali otsegula, kamota kaja kali ndi mphamvu yovulaza.

Za kasikuluu kopumirapo chitseko ndinene mosapita m'mbali: kasiyeni. Kanaikidwa ku fakitale poyeza mpweya wodutsa, ndipo nthawi zambiri kamakhala kopakidwa penti kuti aliyense aone kuti sikogwira. Sikochunira idling ngati pa carburetor. Mukakabweza m'mbuyo singano itsikadi lero, koma chitseko chiyamba kuluma khoma la throttle body n'kumakanirira, muyeso wa TPS usokonekera, ndipo kompyuta ikadzamaliza kuphunzira injini iyamba kuzima pa mphambano. Kukabwezera pamalo pake enieni popanda zida zoyezera n'kovuta kwambiri.

Zonsezi zikakhala bwino, m'pamene nthawi yophunzitsa kompyuta yakwana, ndipo apa wopanga aliyense ali ndi njira yake. Galimoto zina zimadziphunzira zokha mukaziyendetsa masiku angapo, kuima ndi kunyamuka, idling n'kumatsika pang'onopang'ono. Zina zimaiwala zakale mukachotsa waya wa negative pa batire kwa mphindi zingapo, kenaka n'kuzisiya zikulira mpaka zitenthe. Dziwani kuti kutero kumafufutanso zina zimene kompyuta inasunga, wailesi ina imafuna nambala yachinsinsi, ndipo pa galimoto zambiri zatsopano muyeso wa chitseko umasungidwa malo amene safufutika batire likachoka.

Honda zambiri zimafuna kuti mugwire injini pa 3000 ili pa P kapena N mpaka fani izungulire, kenaka muisiye pa idling kwa mphindi zosachepera 5 chilichonse chili chozimitsa, osawerengera nthawi imene fani ikuzungulira. Volkswagen ndi Audi zimafuna chipangizo cholamula kompyuta kuti iyendetse chitseko kuchokera kotseka mpaka kotsegula, makiyi ali otsegula koma injini isanalizidwe. Pa zambiri zakale ntchitoyi imapezeka pa gulu 060 mu chipangizocho.

Nissan ndiyo yodziwika kwambiri pa vutoli, ndipo zambiri za m'ma 2000 sizitsika mpaka zitaphunzitsidwa. Injini ikhale yotentha, chiwongolero chowongoka, magetsi onse ozimitsa, batire lamphamvu. Mumatsegula makiyi osaliza, n'kudikira masekondi 3. Mumaponda accelerator mpaka pansi n'kusiya kasanu m'masekondi 5. Mumadikira masekondi 7, n'kupondanso mpaka pansi osasiya kwa masekondi pafupifupi 20, mpaka nyale ya check engine itasiya kuphethira n'kungoyaka. Pasanathe masekondi 3 mumasiya, n'kuliza injini, n'kuisiya ikulira yokha. Kuwerenga pamtima sikuthandiza, gwiritsani wotchi, chifukwa kuphonya ndi sekondi imodzi n'kuyambiranso. Nyale ikapanda kuphethira, mwaphonya nthawi. Ikaphethira bwino koma idling osatsika, musaumirire. Kompyuta ikukuuzani kuti mpweya wachuluka kuposa umene ingathe kuuwongolera, ndipo muyenera kubwerera ku gasiketi ndi mapaipi. Njira zimenezi zimasiyana ndi chaka ndi mtundu wa injini, choncho tsatirani buku la galimoto yanuyo.

Ziliponso nthawi zimene kutsukako kumawonongadi. Ma throttle body ena ali ndi utoto wapadera m'kati kapena m'mphepete mwa chitseko, wooneka ngati dothi lotuwa, umene umathandiza kutseka mpata. Ford inkafika pomata chenjezo pa ena a m'ma 1990 loletsa kuwatsuka. Woupala ndi burashi yachitsulo kapena sandpaper wakulitsa mpata mpaka kalekale. Kukankha chitseko cha mota mwamphamvu ndi dzanja kungathyole mano a timagiya tapulasitiki ta m'kati, ndipo mankhwala othiridwa mochuluka amatsetsereka ndi kamtengo kaja mpaka mu sensa. Zikatero pamabwera makhodi ena, monga P0121 kapena P2135, ndipo galimoto imatha kukana kuthamanga ngakhale muponde bwanji. Throttle body ya kebulo mungaichotse n'kuiyang'anitsa ku kuwala: kamzere kowala kozungulira chitseko kayenera kukhala kopyapyala ndi kofanana mbali zonse. Ya mota musaiweruze motero, chifukwa ikakhala yopanda magetsi imapumira yotseguka pang'ono mwadala, kuti galimoto izitha kukwawa mota ikafa. Kugula ina kuli ndi nzeru pokhapokha umboni woterewu ukapezeka, ndipo yatsopanoyo idzafunanso kuphunzitsidwa.

Pamene vutoli lisanathe, yendetsani mosamala kapena ingoimikani. Galimoto ya automatic imene ikulira pa 1500 imagunda mwamphamvu poilowetsa mu D, imakoka yokha, ndipo imafuna buleki yolimba kuti iime. Ngati pamwamba pa izo buleki yauma pansi pa phazi, musatuluke nayo pamsewu, chifukwa n'kutheka kuti paipi imene ikulowetsa mpweya ndi ya booster yomweyo.

Mukaona kuti zatheka, musakhulupirire singano ya mphindi imodzi. Injini ili yotentha, yatsani AC ndi magetsi akutsogolo, potokolani chiwongolero mpaka kumapeto. Idling igwedezeke pang'ono n'kukhazikika. Ipondeni kufika pa 3000 n'kusiya, ibwerere pamalo pake m'masekondi ochepa osakakamira pakati. Kenaka izimitseni usiku wonse, ndipo m'mawa muone ngati ikuyamba pamwamba n'kumatsika yokha pamene ikutentha.